Kuseri kwa Malire a Kafilimu Nambala Wani

1

Ine ndine munthu wa zingwe. Pa wailesi ya kanema yomwe ndakhala ndikugwirako ntchito chiyambire unyamata wanga, nkhope yanga sinaonekepo pa sikirini, ndipo nzabwino zimenezo chifukwa si nkhope yoonetsa anthu akudya. Malo anga ndi kachipinda kozizira, kopanda zenera, kuseri kwa situdiyo. Mmenemo ndi mmene mumakhala seva, makina osunga timafilimu tonse timene mumaona pakati pa mapulogalamu: malonda a sopo, nyimbo yotsegulira nkhani, uthenga wa zanyengo. Woulutsa akadina batani, kafilimu kamatuluka m'makinamo nkukafika m'nyumba mwanu. Tsiku lina mukadzaona mdima pa kanema wanu, mudzadziwe kuti kwinakwake munthu wonga ine akutuluka thukuta m'chipinda chozizira.

Seva yathu yakale tinkaitcha Nkhalamba, poti m'mawa uliwonse inkayamba yakhosomola kaye isanagwire ntchito. Tinaiika ndi manja athu zaka zoposa makumi awiri zapitazo, ine ndi achimwene anga a bere limodzi. Iwowo ndiwo anandikokera ku ntchitoyi, nkundiphunzitsa kusenda waya ndi kumvetsera kulira kwa disiki yomwe yatsala pang'ono kufa. Pantchito onse amawatcha Injiniya, ine Injiniya Wamng'ono, ngakhale lero imvi zili mbuu m'mutu mwanga.

M'mimba mwa Nkhalamba munali kafilimu kamodzi komwe sikanaulutsidwepo. Kanali koyamba kujambulidwa, ndiye makinawo anakapatsa nambala wani. Munali mkazi wanga atanyamula mwana wathu wamkazi ali khanda. Mkazi wangayo anatisiya mwanayo asanayambe nkuyenda komwe, ndipo masiku amenewo mafoni ojambula anali asanatifike. Mawu ake, kaphethiridwe ka maso ake, zonse zinatsalira m'kafilimu kameneko basi. Nkhani yanga ndi ya mmene ndinalimbanira kukapulumutsa, ndi zomwe ndinapeza nditakapulumutsa.

2

Tinakajambula Loweruka masana, tsiku lomwe tinamaliza kulumikiza zingwe. Makina atsopano amafuna kuyesedwa, ndipo mu situdiyo munalibe munthu woti nkumujambula. Mkazi wanga anali atangofika kudzandipatsa jekete lomwe ndinaiwala kunyumba, poti ankadziwa kuti kachipinda kaja kamandipatsa chimfine. Anali munthu wotero, wosamala, wa mawu ochepa. Kuseka mokweza sinali mbali yake. Ndikamuseketsa ankangomwetulira nkupukusa mutu, ine nkumati ndinakwatira mkazi wofatsa.

Achimwene atamuona anati basi tapeza woyesera, alamu akhale pampando wa owerenga nkhani. Iye anakana kaye kuti sanapese tsitsi, koma anakhalabe. Achimwene anaima kuseri kwa kamera. Ine ndinathamangira m'chipinda cha makina nkudina batani lojambula, maso ali pa kasikirini kakang'ono. Mkazi wanga anakonza kachipewa ka mwana, nadzutsa nkhope.

"Ndiye ndiyankhule chiyani?" anafunsa. Kenako anagwira kadzanja ka mwana nkukakweza. "Tapereka moni, mwanawe. Waona, tili pa kanema."

Anamwetulira. Kumwetulira kumeneko ndakhala ndikukuona zaka zonsezi, ndipo sindinakayikepo kuti kunali kwanga, chifukwa ndani wina ankamuonera pa sikirini tsikulo? Anaimbako kanyimbo kogonetsa mwana, osakamaliza. Nditaona kuti chithunzi ndi mawu zikulowa bwinobwino, ndinatsegula maikolofoni yolankhulira ku situdiyo.

"Basi, zatheka. Ndazimitsa," ndinatero.

Ndinadina batani nkutulukira khomo lakuseri kukagula zakumwa zozizira kutsidya kwa msewu, kuti tisangalalire ntchito yathu. Pagolosale panali mzere, moti ndinachedwako.

Lolemba ndinapeza achimwene atakakonza kale kafilimuko. Anati adulako zopanda pake zakumapeto, mpando wopanda munthu, nkukatseka ndi mawu achinsinsi kuti woulutsa wina wa manja oyabwa asadzakafufute. Ndinawathokoza. Patapita miyezi ingapo, titaika mkazi wanga m'manda, ndinawathokozanso, ulendo uno ndikulira.

3

Mwana ndinamulera ndi achimwene, ndipo kunena zoona ndekha sindikanatha. Ine ndikakhala pa shifiti, iwo ankakamutenga kusukulu. Akatentha thupi, iwo ankafika kuchipatala ine ndisanapeze nkomwe basi yokwera. Nsapato zake zoyamba za sukulu anagula ndi iwo, ndipo zinamukwana ndendende chikhalirecho sanamuyese phazi. Sanakwatire. Tikawaseka kuti kodi ukwati tidya liti, ankati mkazi ali naye kale, ndi Nkhalamba, ndipo ndi wansanje. Abale atandikakamiza kuti ndipeze mkazi wina wolera mwana, iwo ndiwo anandiikira kumbuyo, amvekere mwanayu ali ndi omulera okwanira. Ndinkauza aliyense kuti m'bale ngati ameneyu sapezekapezeka.

Kuntchito mwanayo anakula akutchedwa Nambala Wani. Tsiku lake lobadwa likafika, ndinkabwera naye m'kachipinda kozizira, nkumukhazika pa bokosi la zida, nkumuonetsa mayi ake. Ali wamng'ono ankagwira sikirini ndi zala, ine nkumapukuta pambuyo pake. Atakula ankangokhala chete, milomo ikutsatira mawu a mayi ake poti anali atawaloweza. Kanyimbo kakathera panjira, chithunzi chinkaima, mdima nkubwera, ife nkumapita kunyumba. Achimwene masiku oterowo ankapeza chochita kwina. Ndinkati ndi chisoni, ndipo sindinalakwitse kwenikweni.

Mwina mufunsa kuti bwanji sindinakakopere kwina. Ndinayesa. Nkhalamba inali ya kapangidwe kakale, inkadziwa kuonetsa kokha, osati kupereka zomwe yasunga. Ndinajambulirapo pa tepi zomwe inkaonetsa, tepiyo inachita nkhungu, makina ake oonetsera nkufa. Mwana anajambulapo sikirini ndi foni, koma munangotuluka mizeremizere ndi phokoso la mafani oziziritsa makina. Ndikati ndilumikize chipangizo chamakono kumsana kwa Nkhalamba, achimwene ankakana kwamtuwagalu, ati ukaigwedeza pang'ono sidzukanso. Ine kafilimu kaja ndinkakagwira ngati dzira. Ndinkangodina batani loonetsa, osakhudzanso china chilichonse.

4

Chaka chatha zinthu ziwiri zinabwerera pamodzi. Mwana wanga anapeza womanga naye banja, mphunzitsi wina wofatsa yemwe amaseka nthabwala zanga ngakhale zosaseketsa. Ndipo Nkhalamba inayamba kufa zenizeni.

Tsiku lina tikudya, mwana anaika supuni pansi.

"Bambo, pa ukwati wanga ndikufuna amayi adzakhalepo. Tidzawaonetse pa sikirini yaikulu mu holo, anthu adzamve mawu awo."

Ndinamulonjeza pomwepo. Mmene ndikachitire sindinkadziwa, koma mwana ameneyu sanandipemphepo zambiri pamoyo wake.

Madisiki a Nkhalamba anali atasiya kupangidwa kalekale. Achimwene ankawasaka kwa ogulitsa zakale, m'mawailesi otsekedwa, kulikonse komwe amva mphekesera, ndipo bwana akatchula zogula seva yatsopano iwo ankapeza chifukwa chozengerezera. Tinkati ndi chikondi cha munthu pa ntchito ya manja ake. Kenako Nkhalamba inazima pakati pa malonda a kampani yomwe imatidyetsa, anthu ali pakalikiliki kuonera mpira. Bwana sanafunsenso maganizo a munthu. Posakhalitsa mabokosi anafika, pamodzi ndi mayi wina wa kukampani yogulitsa makinawo, wodzatithandiza kuika.

Seva yatsopano inali yopyapyala ngati thireyi, ndipo sinkakhosomola. Tinaimangirira pamwamba pa Nkhalamba, nkuyala zingwe zake, nkuyesa mbali yojambula ndi mbali yoonetsa. Oulutsa ankabwera mmodzimmodzi kudzaphunzira mabatani atsopano, kwinaku akudandaula kuti zala zawo zinazolowera akale. Sabata imeneyo ndinaona chinthu chomwe ndinali ndisanachionepo: achimwene analumikiza chingwe cha mawu polowera chithunzi. Mayi uja anawakonzera mwakachetechete. Ine ndinawaseka kuti ukalamba wayamba kupatsirana, koma iwo sanaseke nawo.

Chinatsala nkusamutsa timafilimu. Mayiyo anabwera ndi kabokosi kodziwa kuyankhulana ndi makina akale, kotha kukoka zonse zili m'madisiki nkuzithira mu seva yatsopano. Achimwene sanakakonde kabokosiko. Anati kulibwino tizionetsa kafilimu kamodzikamodzi pa Nkhalamba, yatsopanoyo izijambula. Mayiyo anawayankha mwaulemu kuti zimenezo zingatitengere mwezi wathunthu, pomwe agogo athuwa kukwanitsa sabata nkokayikitsa.

Iye atatuluka, achimwene ananditengera pambali.

"Nambala wani usaikhudze. Ndisamutsa ndekha."

"Chifukwa chiyani, achimwene?"

"Ndati ndisamutsa ndekha."

Anali asanandiyankhulepo choncho. Ndinaganiza kuti akuopa kuti ndingalakwitse, ndipo zinandipweteka, munthu wa imvi kumaonedwabe ngati wophunzira.

5

Lachisanu m'mawa mphenzi inawomba mlongoti wathu wa kuphiri, ndipo bwana anatumiza achimwene kuti akaone. Ananyamuka monyinyirika, akundikumbutsanso pakhomo zomwe anandiuza zija. Galimoto yawo isanafike nkutali komwe, nyali yofiira inayaka pa Nkhalamba. Disiki ina inali itapita. Mayi uja anandiyang'ana nati ikafanso imodzi, zonse zili mmenemo tiziiwale.

Ndinaimbira achimwene, foni yawo osapezeka, poti kuphiriko netiweki ndi yamwayi. Ndinaganiza za lonjezo langa kwa mwana, ndinaganizanso za mawu aja oti ndisamutsa ndekha, ndipo ndisabise, kamtima kofuna kuwaonetsa kuti nanenso ndine injiniya kanalipo. Ndinauza mayiyo kuti tiyambe pompano, ndipo tiyambire nambala wani. Kabokosi kake sikankafunsa mawu achinsinsi, kankangokoka.

Tikudikira, anandichenjeza chinthu chimodzi. Pa seva, kudula kafilimu si kutaya. Umangoika malire awiri, poyambira ndi pothera, makina nkumaonetsa za pakati zokha. Za kunja kwa malirewo zimakhalabe mu disiki zili phee. Kabokosi kake kankasamutsa chilichonse chomwe chinajambulidwa, koma malire sikankawanyamula, ndiye tinayenera kudzawaikanso pa kafilimu kalikonse tisanaulutse. Ndinamuyankha monyada kuti zimenezo ndimaphunzitsa ndine kwa obwera kumene. Ndimaphunzitsadi. Kungoti sindinaganizepo kuti zikukhudzanso nambala wani.

Dzuwa lili pamutu kafilimuko kanaoneka pa seva yatsopano. Ndinakhala pansi mwachimwemwe. Sindinafune kukaonera ndekha. Ndinaimbira mwana kuti athamange pa nthawi ya nkhomaliro, amayi ake apulumuka. Anafika ali wefuwefu, chikwama m'manja, nkukhala pa bokosi lake lija la zida. Mayi wa kukampani anaima kumbuyo kwathu, pafupi ndi khomo. Ndinadina batani.

Chithunzi chinkaoneka bwino kuposa kale. Kachipewa kaja, kadzanja kaja, kumwetulira kuja. Mwana wanga anandigwira phewa. Kanyimbo kanathera panjira monga mwa masiku onse, ndipo tonse tinadikira mdima.

Mdimawo sunabwere.

6

"Basi, zatheka. Ndazimitsa," anatero mawu anga a unyamata kuchokera mu sipika.

Mwana anaseka, nkufunsa ngati ndinali ine ameneyo. Nanenso ndinaseka. Pomwepo ndinazindikira chomwe ndinachita tsiku lija. Mabatani oimitsa anali awiri, ofanana, oyandikana. Ndinazimitsa mbali yoonetsa, mbali yojambula nkuisiya ikuyenda. Kanyali kofiira ka pa kamera, kodziwitsa anthu kuti akujambulidwa, tinali tisanakalumikize. Awiri a mu situdiyo aja anangokhulupirira mawu anga.

Chitseko chinamveka kutsekeka chapatali. Mkazi wanga anatembenukira komwe kunachokera phokosolo, nadikira pang'ono. Kenako munthu anatuluka kuseri kwa kamera nkulowa m'chithunzi. Anali achimwene, tsitsi lonse lilipo, manja a malaya atawapinda. Anagwada patsogolo pa mpando natambasula manja, ndipo mkazi wanga anawapatsa mwana ngati chinthu chozolowereka. Mwanayo anawagwira mphuno. Mkazi wanga anaseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, mutu ataugwetsera kumbuyo. Ndinakhala naye nyumba imodzi, ndinagona naye chipinda chimodzi, koma kuseka kumeneko ndinali ndisanakumvepo.

"Akuwadziwa bambo ake ameneyu," anatero, dzanja lake lili pa tsaya la achimwene.

"Ine zobisalazi ndatopa nazo," achimwene anayankha. "Ndimuuza mng'ono wanga. Mwanayu ndi wanga, ndizimunyamula mwakuba mpaka liti?"

Kuseka kunatha.

"Mukamuuza mumupha. Ndi munthu wabwino, sanatilakwire. Mwana akule akumutcha iyeyo bambo. Lonjezani."

Achimwene anayang'ana pansi nthawi yaitali, kenako anagwedeza mutu kuvomera. Mkazi wanga anawapukuta m'maso ndi nsonga ya shawelo ya mwana.

Dzanja lomwe linali paphewa panga linachoka. Sindinathe kutembenuka. Chala changa chinali pafupi ndi batani loimitsa koma chinauma, ndipo tinaonera zonse mpaka pomwe mnyamata wina wosangalala analowa m'chithunzi atanyamula mabotolo, akudandaula za mzere wa pagolosale. Mnyamatayo anapsompsona mwana pachipumi, nkuthokoza mkulu wake pomugwirira. Ndinamumvera chisoni ngati si ine.

Mayi wa kukampani anali atazemba kale. Pakhomo pomwe anaima iye panali achimwene, nsapato zili matope okhaokha a kuphiri, chisoti chili m'manja. Mwana anaimirira, nawayang'ana iwo, nandiyang'ana ine, nkudutsa pakati pathu osakhudza aliyense.

7

Nkhalamba inafa yokha madzulo a tsiku lomwelo, kusamutsa kutangotha. Mafani ake ataima, m'kachipinda muja munangoti zii. Tinatsalamo awiri. Ndinkaganiza kuti ndiwamenya, ndipo sipanala inali pomwepo patebulo, koma mphamvu ndinalibe.

Anandiuza okha, osafunsidwa. Anati zinayamba ine nditapita kukawonjezera maphunziro a ntchito kumzinda wina, miyezi yomwe ndinachita kuwapempha kuti aziyang'anira nyumba yanga. Anati zakumapeto kwa kafilimuko anazipeza Lamlungu, tsiku lotsatira kujambula, ndipo mutu wawo unaima. Nkhalamba sinkatha kufufuta mbali imodzi ya kafilimu. Unkayenera kutaya konse kapena kusunga konse. Ndiye anaika malire.

"Bwanji simunangokafufuta konse tsiku lomwelo?" ndinafunsa. "Mukanati makina alakwitsa. Ndikanakhulupirira."

"Ndinati ndifufuta mawa. Kutacha ndinatinso mawa. Kenako mkazi wako anadwala." Anapinda chisoti chija nkuchiwongolanso. "Atapita, iwe unatsala ndi mbali yako. Ine ndinatsala ndi yanga."

"Mumakaonera?"

"Ukaweruka."

Ndiye kuti zaka zonsezo tinkalira mkazi mmodzi pa makina amodzi, mosinthana ngati mashifiti. Madisiki aja ankawasaka dzuwa ndi mvula sanali osakira wailesi ayi. Ndinawafunsa ngati mwana ankadziwa kanthu. Anati ayi, lonjezo analisunga. Analisungadi. Woliphwanya ndinali ine, ndi liuma langa, pamaso pa mwana yemwe ndinachita kumuitana ndekha pa foni.

Anayesa kupepesa, koma ndinawauza kuti asavutike. Kupepesa kumafuna munthu woti akulandire, ndipo m'kachipindamo munalibe munthu wotero. Anaima pang'ono, nasisita chitsulo chozizira cha Nkhalamba, nkutuluka.

Lolemba anapereka makiyi kwa bwana, ati maso afooka, akufuna kupuma. Anzathu anawakonzera kaphwando, nkuwapatsa chivundikiro cha Nkhalamba atachisainira onse. Ine sindinapiteko, ndinanamizira kudwala mutu.

8

Mwana anatha masabata osabwera kunyumba. Ankakhala kwa mnzake, foni yanga osayankha. Ndikaweruka ndinkapeza nsapato zake pakhomo pomwe anazisiya, ndipo ndinayamba kuona zomwe ndinakhala nazo zaka zonse osaziona: makutu a pa zithunzi zake za kusukulu, kaimidwe kake kopendeketsa mutu akamamvetsera. Anthu ankati wafanana ndi bambo ake aakulu, ine nkumanyadira kuti magazi a kwathu ndi amphamvu.

Mphunzitsi uja anabwera kamodzi kudzandiona. Anakhala kumphepete kwa mpando, nati mwana wangayo sakudya, ndipo sakumuuza chomwe chavuta. Anafunsa ngati mwina iyeyo ndiye walakwitsa penapake. Ndinamuuza kuti ndi za pabanja, zitha zokha. Ndinayesa kumuseketsa pomuperekeza, ndipo kwa nthawi yoyamba sanaseke.

Mwana anatulukira kuntchito Lachitatu lina, osandiuza. Anali ataonda. Ndinamukankhira bokosi lija la zida, koma anakana kukhala.

"Ukwati sitisintha, bambo," anatero. Mawu oti bambo anatuluka ndithu, koma ndinamva kuti wachita kuwakankha. "Ndinauza kale anthu kuti amayi adzaoneka. Muikenso malire."

"Ndiike pati?"

"Pomwe anaika aja."

Ndinakhala pa makina atsopano, nkuyendetsa chithunzi pang'onopang'ono mpaka pomwe kanyimbo kamathera, mawu anga asanamveke. Ndinadina. Katundu yemwe achimwene anamusenza chiyambire unyamata wawo tsopano anali pamutu panga, ndipo malo oika malirewo ndinawapeza osavutika, chifukwa anawasankha bwino.

Pa ukwati ndinamuperekeza ndine. Mu holo anazimitsa magetsi, mkazi wanga nkuoneka pa sikirini yaikulu kuposa chitseko. Azimayi analira, ena anaomba m'manja pomwe kadzanja kanakwezedwa. Ine ndinayang'ana maso ake. Pa kasikirini ka kuntchito sizinkaoneka, koma pa chinsalu chachikulucho zinali poyera. Sankayang'ana m'diso la kamera. Ankayang'ana pamwamba pake pang'ono, pomwe pamakhala nkhope ya wojambula.

Mdima utabwera, anthu anaimirira kuomba m'manja. Mkwati anali pambali panga, koma mutu anautembenuzira kumbuyo kwa holo, maso akusakasaka pakati pa oima kukhomo. Sindinacheuke kuti ndione ngati anamupeza yemwe ankamufunayo.

9

Inu amene mwawerenga mpaka pano, ndikudziwa zomwe mukufuna kundiuza, zoti ine ndiye ndinalera, ine ndiye ndinaperekeza. Ndimadziuza zomwezo m'mawa uliwonse pometa ndevu, ndipo pofika masana zimakhala zitasungunuka. Mwana amandiimbirabe foni Lamlungu. Timakamba za mvula ndi za kuntchito kwake, ndipo pali malo pomwe tonse timadziwa kuima. Ndamva kuti amapitanso kwa achimwene, koma sindimufunsa. Ine ndi iwo sitinaonanenso, ngakhale tikukhala mzinda umodzi.

Musandipemphe malangizo, ndilibe. Mkazi wanga ndinamutaya kawiri. Ulendo woyamba ndinali ndi manda okalirapo, ndinali ndi kafilimu, ndinalinso ndi m'bale wondigwira phewa. Ulendo uno ndikulira ndekha, ndipo sindikudziwa bwinobwino amene ndikumulirayo.

Tsiku lomwe mayi wa kukampani ankatsanzika, anandiitanira pambali, osandiyang'ana m'maso. Anandionetsa kuti seva yatsopano ili ndi batani lomwe Nkhalamba inalibe. Limafufuta zenizeni zonse za kunja kwa malire, osabwereranso. Anati mwina ndingalifune.

Ndimalipitira batanilo anzanga akapita ku nkhomaliro. Makina amandifunsa ngati ndatsimikiza. Ndimaliyang'ana funsolo nthawi yaitali, kenako ndimakana, nkusuntha malire aja, nkuonera mbali ya achimwene. Ndikudziwa kuti si yanga, ndipo ulendo uliwonse imandilasa pamalo omwewo. Koma kumbali yanga mkazi wanga amangomwetulira. Kuti ndimumve akuseka, ndimayenera kudikira mpaka nditatuluka pakhomo.